Kalabala ka m'mabuleki: kotchipa pa kauntala, kodula pa mtsetse

Pa kauntala ya masipeya ku Biwi mu Lilongwe, ngakhale m'timashopu ta ku Ndirande ndi ku Limbe, pali mkangano umodzi umene suchedwa kubwerera. Mwini Probox kapena Bongo yonyamulira katundu amafika ndi mapadi otha m'manja, n'kuwaponya pa kauntala.

"Achimwene, mapadi munandigulitsa aja ndi awa. Miyezi itatu sinakwane n'komwe. Ndi afeki amenewa."

"Ayi bwana, ndi omwe aja timagulitsa kwa aliyense. Mwina mukumailemetsa galimotoyo."

Kasitomala amachoka atakwiya, ndipo ulendo wina amakagula pa shopu yoyandikana nayo, kumene amakapatsidwa mapadi a mtundu womwewo. Onse awiri aluza, koma palibe amene wayang'anitsitsa katundu ali pa kauntalapo. Mapadi a tayala limodzi atha mpaka pa chitsulo, a tayala linalo akadali ndi mnofu. Mapadi afeki alipo ndithu pamsika, koma afeki amatha mbali zonse ziwiri. Akatha mbali imodzi yokha, mlandu uli pa kalipa, ndipo kawirikawiri uli pa kalabala kamene eni galimoto ambiri sanakaonepo.

Kalabala kameneka, kamene amakaniko amakatcha seal, ndi kamodzi mwa tinthu totchipa kwambiri pa mabuleki onse. Wogulitsa mapadi amene sadziwa ntchito yake akugulitsa mwachimbulimbuli. Nayenso wamalonda amene amadalira galimoto kapena njinga yamoto kuti tomato wake afike kumsika asanaphwanyike ayenera kukadziwa ngati momwe amadziwira sikelo yake.

Funso loyambira ndi ili: dalaivala akachotsa phazi pa buleki, n'chiyani chimabweza mapadi kuti asiye disiki? Pa mabuleki a dilamu, onga amene ali kumatayala a kumbuyo a Probox ndi Hiace, yankho limaoneka ndi maso. Muli masipuling'i amene amakoka zitsulo zogwira dilamu kuti zibwerere m'malo mwake. Mu kalipa mulibe sipuling'i yobwezera pisitoni. Mafuta a mabuleki amakankha pisitoni, pisitoni imakankha padi, padi imapana disiki. Phazi likachoka, mphamvu ya mafuta imatha, koma mafutawo sakoka pisitoni kuti ibwerere. Ntchito imeneyo ndi ya kalabala.

Kalabalako ndi kozungulira ngati chibangili, ndipo kamakhala m'kangalande kamene kanagobedwa m'kati mwa kalipa. Chinsinsi chake chili pa kaumbidwe. Munthu atakadula ndi lezala, pamene wadulapo pamaoneka pa makona anayi, osati pozungulira. Mbali yake yam'kati ndi yafulati ndipo imakumbatira pisitoni mothina. Kangalande kaja nakonso sikanagobedwe mwachisawawa. M'mphepete mwake chakutsogolo anasemamo pang'ono kuti kalabala kakhale ndi malo opendekera. Pisitoni ikamatuluka, kalabala sikailekerera kuti ingodutsa. Kamaigwira n'kupendekera nayo kutsogolo. Mphamvu ikatha, labala amafuna kubwerera mmene analili, ndipo pobwererapo amaikoka pisitoni ija.

Aliyense angayesere zimenezi pa thupi lake. Munthu akaika chala pa khungu la kuseri kwa dzanja n'kukankha pang'ono, khungu limatsatira chalacho, ndipo akafewetsa dzanja khungu limachibweza pamene chinali. Ndi mmene kalabala kamachitira. Mtunda umene kamabweza pisitoni ndi wochepa zedi, pafupifupi milimita 0.1, kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope. Kampata kameneka ndi kokwanira kuti tayala lizungulire momasuka, komanso ndi kochepa moti dalaivala akangoponda, buleki imagwira pompo.

Nanga mapadi akamatha? Apa ndi pamene pali luso lenileni. Kalabala kali ndi malire a kupendekera kwake. Padi ikadyeka pang'ono, pisitoni imayenera kuyenda mtunda wotalikirapo kuti ifike pa disiki. Kalabala kamapendekera mpaka pa malire ake, ndipo kupitirira pamenepo pisitoni imatsetsereka m'kati mwake, ngati chala chija munthu akachikankha kwambiri. Phazi likachoka, kalabala kamabweza pisitoni ndi kamtunda komwe kaja ka pepala limodzi, osati mtunda wonse umene inayenda. Choncho pisitoni imaima pamalo atsopano, patsogolo pang'ono. Zimenezi zimachitika pang'onopang'ono kwa miyezi, popanda sipanala, popanda makaniko.

Kuwerengetsa kwake n'kosavuta. Padi yatsopano ya galimoto yaing'ono imakhala ndi mnofu wa mamilimita pafupifupi 10, ndipo makaniko wosamala amaichotsa ikatsala ndi 3. Pa kalipa ya pisitoni imodzi, imene ili pa galimoto zambiri zonyamula anthu ndi katundu m'tauni, pisitoni yomweyo ndi imene imatseka mpata wa mapadi onse awiri. Mamilimita 7 uku, 7 uko, ndiye kuti pofika nthawi yosintha mapadi pisitoni imakhala itatuluka mamilimita 14 kuchokera pamene inayambira. Komabe chopondera buleki chimakhala chikugwirira pamalo omwe chinkagwirira tsiku loyamba.

Ubwino umenewu uli ndi msampha wake, ndipo wakabaza ayenera kuumvetsa kuposa wina aliyense. Pa njinga yamoto ya mabuleki a dilamu, buleki ikamatha chogwirira chimayamba kupita kutali, mwini wake amamva m'dzanja, n'kumanga kanati kaja. Pa njinga ya disiki kutsogolo palibe nati yomanga, ndipo palibe chenjezo la m'dzanja. Chogwirira chimakhala cholimba bwinobwino mpaka tsiku limene chitsulo chikumana ndi chitsulo, ndipo pamenepo disiki yomwe imakhala yakalika. Mtengo wa disiki aliyense wa masipeya amaudziwa kuti suyandikana ndi wa mapadi. Buleki ya disiki imafuna maso: kusuzumira pa kalipa kamodzi pa sabata ndi tochi ya pafoni.

Pali chizindikiro china chimene anthu amachifufuta okha ndi manja awo. Pisitoni ikamatuluka, malo amene yasiya kumbuyo amadzazidwa ndi mafuta ochokera m'kathanki kaja kali ndi zilembo za MAX ndi MIN. Ndiye mafuta akamatsika pang'onopang'ono kwa miyezi, si kuti akudontha. Akungonena kuti mapadi akutha. Mnyamata wa pagalaja amene amangoti akatsekula boneti n'kuthira mafuta mpaka pakamwa wafufuta uthengawo. Tsiku loika mapadi atsopano, pisitoni ikakankhidwa kubwerera m'kati, mafuta owonjezera aja amasefukira, ndipo mafuta a mabuleki amasupula penti. Mafuta akayandikira pa MIN, choyamba ndi kuona mapadi. Akatsika msanga, m'masiku ochepa, pamenepo ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo galimoto yotero siyenera kunyamula ngakhale thumba limodzi la mbatata.

Kubwerera ku mkangano wa pa kauntala uja. Kunja kwa pisitoni kuli labala wina wopindikapindika, amene ntchito yake ndi kutchinga fumbi ndi madzi. Labala ameneyu amang'ambika ndi ukalamba, ndi kutentha, ndiponso ndi sikuludilaiva ya makaniko wothamanga. Akang'ambika, matope a nyengo ya dzinja amalowa n'kukhala pa mbali ya pisitoni imene yatuluka ija, ndipo dzimbiri limayamba. Mwini galimoto saona vuto lililonse, chifukwa mbali yadzimbiriyo ili kunja kwa kalabala kam'kati. Vuto limabwera tsiku limene wagula mapadi atsopano. Kuti mapadi onenepawo alowe, makaniko amakankha pisitoni yonse kubwerera m'kati, ndipo dzimbiri lija limadutsa pa kalabala, kukakanda kapena kukakamira pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo pisitoni sibwereranso bwino. Buleki imakhala ikukhuza disiki ulendo wonse, mapadi atsopano amapsa, ndipo amene amatukwanidwa ndi wogulitsa mapadi.

N'chifukwa chake wogulitsa wochenjera safulumira kutsitsa bokosi. Amayamba wapempha mapadi akale, onse anayi, n'kuwandandalika. Amafunsa ngati labala wa pa pisitoni ndi wathunthu. Mphindi ziwiri zimenezo zimateteza dzina la shopu.

Mdani wachiwiri wa kalabala ali m'beseni la pagalaja. M'magalaja ambiri a m'mbali mwa msewu muli chizolowezi chotsukira chilichonse m'petulo, m'dizilo kapena m'palafini. Pa zitsulo za injini palibe vuto. Koma labala wa mabuleki ndi wa mtundu wotchedwa EPDM, amene amapirira mafuta a mabuleki ndi kutentha, koma sagwirizana ndi chilichonse chochokera ku mafuta a pansi panthaka. Akakhudzana ndi petulo, oyilo wa injini kapena girisi wamba, amatupa n'kufewa, makona ake aja amatha, ndipo mphamvu yobweza pisitoni imatha nawo. Dalaivala amene mafuta a mabuleki amuthera panjira n'kuthiramo oyilo wa injini kapena wa chiwongolero kuti angofika, waononga labala yense wa m'mabuleki, kuyambira pa mpope wa kuchopondera mpaka m'mapaipi. Chotsukira kalipa ndi mafuta a mabuleki atsopano, sipiliti, kapena mankhwala opopera opangidwira mabuleki. Popaka kuti pisitoni ilowe, ndi mafuta a mabuleki omwewo kapena girisi wofiira uja wa labala.

Ndiye pali kachinyengo kamene ena amakachita mosadziwa, ena modziwa. Kasitomala akafuna seal ya kalipa, yeniyeni palibe, wogulitsa amatsekula kabokosi ka ma O-ring n'kusankha yofanana kukula. Imalowa ndithu m'kangalande, ndipo tsiku loyamba mwina sidontha. Koma labala wozungulira sapendekera n'kubwerera ngati wa makona anayi, motero pisitoni sibwezedwa moyenera. Choipitsitsa n'chakuti ma O-ring akuda a m'mabokosi amenewa nthawi zambiri amakhala a labala wa nitrile, amene amapirira oyilo koma amaonongeka ndi mafuta a mabuleki. Wogulitsa wapeza kandalama ka lero, koma waika m'galimoto ya mnzake chinthu chimene chidzagonje tsiku losadziwika. Kunena kuti "tilibe, bwana, yesani kutsogoloko" kuli bwino kuposa malonda otere.

Mafuta enieniwo nawo ali ndi nkhani. Amalonda a m'misika amadziwa phindu la kugulitsa mopimira: mafuta ophikira m'timachubu, shuga pa supuni, mchere pa kambale. Ndi nzeru yabwino yofikira wogula wa ndalama zochepa. Koma nzeru imeneyi siyenera kufika pa mafuta a mabuleki. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo botolo lotsekula limene lakhala pa shelefu nyengo yonse ya mvula silikhalanso ndi mafuta omwe analembedwa pa chikutocho. Muyezo umati DOT 3 watsopano asawire asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika pa 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Madzi amenewa amachita zoipa ziwiri. Amadyetsa dzimbiri pisitoni ndi kangalande ka kalabala kuchokera m'kati, ndipo mabuleki akatentha amasanduka nthunzi. Nthunzi imafinyika, mafuta safinyika. Chopondera chimangopita pansi ngati munthu waponda siponji.

Kawirikawiri zimenezi sizichitika pa msewu wafulati wa m'tauni. Zimachitikira wonyamula kabichi ndi mbatata kuchokera ku Dedza pamene akutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, wotsika Chiweta ndi katundu wopita ku Karonga, kapena wochoka ku Blantyre kutsetserekera ku Chikwawa galimoto itadzaza mpaka pamwamba. Kalipa yokakamira imakhala itatenthetsa kale mafutawo mtsetse usanayambe, ndipo makona ochepa okha amamaliza ntchito. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma la mabuleki limanunkha, fungo lake ngati la mbale ya pulasitiki yogwera pamoto. Dalaivala wolimva aime, ndipo potsika mitsetse yotere giya yaing'ono ndiyo iyenera kugwira galimoto, buleki izingothandizira. Opanga galimoto ambiri amati mafuta a mabuleki azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Mtundu woyenera umalembedwa pa chitsekerero cha kathanki. DOT 5.1 amasakanikirana ndi DOT 3 ndi DOT 4, koma DOT 5 ndi wa silikoni ndipo sasakanizidwa ndi enawo, ngakhale mayina akufanana.

Wogulitsa masipeya ali ndi poyankhira, ndipo yankho lake si lopanda nzeru. Mpamba ndi wochepa, ndalama yakunja yoodera katundu ndi yovuta kupeza, ndipo timapaketi ta labala wa kalipa tili ndi masaizi ambirimbiri. Mapadi amayenda tsiku lililonse, pamene paketi ya seal ingathe kugona pa shelefu miyezi. Komanso kasitomala wobwera ndi ndalama ya mapadi okha akauzidwa za chinthu china amaganiza kuti akumudyera. Zonsezi n'zoona. Koma palibe chifukwa choodera saizi iliyonse. Galimoto zimene zimadyetsa anthu m'misika ndi zowerengeka: Hiace, Probox, Sienta, Bongo, Vanette, ndi njinga zamoto ziwiri kapena zitatu zotchuka m'deralo. Mapaketi angapo a zimenezi sangatseke mpamba. Chofunika ndi kuwasunga pamthunzi, m'mapepala awo osatsekula, chifukwa labala wopachikidwa padzuwa pakhomo la shopu amakalamba asanagulidwe.

Ndipo chilungamo chiyenera kupita mbali zonse. Sikuti mapadi akasinthidwa ndiye kuti seal nayo isinthidwe. Kalabala kamene sikanakhudzidwe ndi petulo kapena dzimbiri kamatha zaka zambiri, ndipo wogulitsa wokakamiza aliyense kugula paketi akudyera anthu masuku pamutu. Sikutinso buleki iliyonse yokakamira ndi mlandu wa kalabala. Kalipa ya pisitoni imodzi imayenda pa mapini awiri, ndipo mapiniwo akauma padi imodzi imatha kusiya inzake pa tayala lomwelo. Mankhwala ake ndi kutsuka ndi kupaka girisi wa silikoni, osagula kanthu kena. Nthawi zina paipi ya labala imafooka m'kati, n'kumalola mafuta kupita koma osabwerera. Makaniko wodziwa amasiyanitsa zimenezi mosavuta. Amamasula kanati kotulutsira mpweya pa kalipa: tayala likamasuka pompo, vuto lili ku paipi kapena ku mpope, likakhalabe lolimba, vuto lili mu kalipa momwemo.

Ambiri amathamangira kalipa yochotsedwa ku galimoto ina, poti imabwera yathunthu. Nthawi zina ndi malonda abwino, koma labala wa m'kati mwake ali ndi zaka zofanana ndi galimoto imene anachokerako, ndipo mwina wakhala pamtetete mvula ikumunyowetsa. Wogula aone labala wakunja ngati ndi wathunthu, aonenso pisitoni. Pisitoni ya timaenje ta dzimbiri ndi yotaya. Kuipala ndi sandipepa kumachotsa chitsulo chonyezimira chimene chinakutidwa pamwamba pake, dzimbiri limabwerera msanga, ndipo seal yatsopano yoikidwa pa pisitoni yotero ndi ndalama yoponya m'madzi.

Mayi wa geni amene amachita hayala galimoto pa tsiku la msika, kapena mwini minibasi amene sayendetsa yekha, angathe kuona zambiri popanda chida. Galimoto ikaima pambuyo pa ulendo, kuyandikiza dzanja pa limu la tayala lililonse lakutsogolo, osakhudza disiki poti imaotcha, kumaonetsa ngati mbali imodzi yatentha kuposa inzake. Limu limodzi likamada ndi fumbi la mapadi kuposa linalo, ndi chizindikiro. Galimoto yokokera mbali imodzi poponda buleki, ndi chizindikiro. Petulo akayamba kutha msanga pa ulendo womwe uja wa masiku onse, dalaivala asanamiziridwe kuba mabuleki asanaonedwe, chifukwa injini yokoka tayala lomangika imamwa ngati yakwera phiri. Pagalaja, tayala litakwezedwa pa jeke, wina aponde buleki n'kusiya. Lizungulire ndi dzanja limodzi, ndi kaphokoso kochepa ka kukhuza.

Mapadi atsopano akaikidwa, pisitoni imakhala itakankhidwa mpaka kumapeto, kutali ndi padi. Kalabala sikangaibweretse pafupi kokha. Pamafunika kuponda buleki kangapo galimoto ili chiimire, mpaka chopondera chitalimba, kuti pisitoni itsetsereke n'kufika pamalo ake. Kuponda koyamba kumapita mpaka pansi popanda kugwira kanthu. Woiwala zimenezi n'kutuluka pagalaja amakazindikira ali kale pamsewu, kutsogolo kwake kuli benchi la wogulitsa nthochi.